Malita pa ola kapena makilogalamu pa ola: kusintha miyezo ya kayendedwe ka mafuta

Wogulitsa mafuta amawerenga malita, koma amene anapanga injini amawerenga magalamu. Buku la jenereta limanena kuti injini imadya magalamu 220 pa kilowati iliyonse pa ola, pomwe lisiti ya kumalo omwetsera mafuta imanena malita. Sitima yapamadzi imatsitsa dizilo ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam m'matani, koma mtengo umene MERA imalengeza ndi wa lita imodzi. Galimoto yomwetsa ndege ili ndi mita yowerenga malita, chikhalirecho woyendetsa ndegeyo wapempha makilogalamu. Aliyense wogwira ntchito pakati pa mbali ziwirizi, kaya ndi makaniko, kalaliki wa kudepoti kapena mwini chigayo, tsiku lina amafunika kusandutsa nambala ya mbali ina kuti ikhale ya mbali inayo.

Masamu ake ndi a kupulayimale, kuchulukitsa ndi kugawa basi. Chimene chimapunthwitsa anthu ndi nambala imodzi yolumikiza mbali ziwirizo, chifukwa nambalayo imasintha malinga ndi mtundu wa mafuta, imasintha ndi kutentha, ndipo imalembedwa m'miyezo yosiyanasiyana.

Nambala yolumikiza

Nyamulani zigubu zitatu za malita 20, china cha madzi, china cha dizilo, china cha petulo. Cha madzi chili ndi makilogalamu 20. Cha dizilo chili ndi pafupifupi 16.7, ndipo cha petulo pafupifupi 14.8. Malo amene zatenga ndi ofanana, kulemera kwake n'kosiyana. Kulemera kwa lita imodzi ya chinthu ndiko akatswiri amati density, ndipo mawuwa mudzawapeza pa pepala lililonse lobwera ndi thankala.

Palibe nambala imodzi ya dizilo yense wa padziko. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 590 umalola dizilo wolemera pakati pa makilogalamu 0.820 ndi 0.845 pa lita. Wa petulo, EN 228, umalola kuyambira 0.720 mpaka 0.775. Mafuta a ndege zikuluzikulu, Jet A-1, amaloledwa kuyambira 0.775 mpaka 0.840, ngakhale ambiri amagwera pafupi ndi 0.80. Petulo wa ndege zing'onozing'ono, avgas, ali pafupi ndi 0.72. Ethanol, amene kuno kwathu amachokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa n'kusakanizidwa ndi petulo, ali pa 0.794, choncho akathiridwa m'petulo amamulemeretsako pang'ono. Nambala zonsezi ndi za mafuta amene ali pa madigiri 15, ndipo chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Lamulo lake ndi lalifupi. Malita pa ola mukawachulukitsa ndi density mumapeza makilogalamu pa ola. Makilogalamu pa ola mukawagawa ndi density mumapeza malita pa ola. Pampu yotulutsa malita 40 a dizilo pa mphindi, dizilo wake wa 0.835, ikutulutsa makilogalamu 33.4 pa mphindi. Injini yodya makilogalamu 50 pa ola ikudya malita 59.9 pa ola.

Anthu ambiri amasokoneza pogawa ndi pochulukitsa, ndipo pali njira yodziyesera yosafuna kuloweza kanthu. Mafuta onse amene tatchulawa ndi opepuka kuposa madzi, n'chifukwa chake amayandama. Ndiye kuti nambala ya malita iyenera kukhala yaikulu kuposa ya makilogalamu nthawi zonse. Mukawerenga n'kupeza kuti makilogalamu 50 akupereka malita 42, mwachulukitsa pomwe pamafunika kugawa.

Mbali ya nthawi ndi yosavuta, bola osaiwala kuisintha payokha. Ola lili ndi mphindi 60 ndi masekondi 3,600. Malita 40 pa mphindi aja ndi malita 2,400 pa ola. Magalamu 10 pa sekondi ndi makilogalamu 36 pa ola. Kumadoko ndi kumadepoti amayeza ndi ma cubic metre, ndipo imodzi ndi malita 1,000. Ubwino wake ndi woti nambala ya makilogalamu pa lita ndi yomweyonso ya matani pa cubic metre. Pampu ya sitima ikamatulutsa ma cubic metre 600 a dizilo wa 0.84 pa ola, ndiye kuti matani 504 akutsika pa ola, ndipo katundu wa matani 30,000 atenga maola pafupifupi 60. Tani imodzi ya dizilo wotere ndi malita pafupifupi 1,190, pomwe tani ya petulo wa 0.74 ndi malita 1,350. Wogula matani n'kumagulitsa malita amaidziwa bwino nkhaniyi: tani ya mafuta opepukirapo imabala malita ambiri.

Jenereta ndi diramu yake

Tiyerekeze jenereta ya 100 kVA pa chigayo kapena pa chipatala chaching'ono. Mphamvu yake yeniyeni ndi pafupifupi makilowati 80, ndipo tinene kuti zimene zalumikizidwa zikukoka makilowati 60. Buku likuti injini imadya magalamu 220 pa kilowati pa ola. Makilowati 60 kuchulukitsa ndi magalamu 220 ndi magalamu 13,200, kapena kuti makilogalamu 13.2 pa ola. Tikagawa ndi 0.835 tikupeza malita 15.8 pa ola.

Koma pali kambali kena kobisika. Nambala ya m'buku la injini kawirikawiri imanena za mphamvu yotuluka pa shafiti, osati magetsi otuluka pa mawaya. Alternator, mbali ya jenereta imene imapanga magetsi, imataya gawo lina m'kutentha. Ngati ikupereka 92 peresenti ya zimene yalandira, kuti pa mawaya pafike makilowati 60 injini ikutulutsa 65. Pamenepo tikunena makilogalamu 14.3 pa ola, amene ndi malita 17.2. Diramu ya malita 200 itha isanakwane maola 12. Komanso nambala ya 220 ija ndi ya injini imene yasenza katundu wokwanira. Jenereta yaikulu yomwe ikungoyatsa mababu ndi firiji imadya magalamu ochuluka kwambiri pa kilowati iliyonse, chifukwa gawo lalikulu la mafuta likungothera kuzungulitsa injiniyo.

Tsopano taganizirani bwana amene wachulukitsa m'malo mogawa. Makilogalamu 13.2 kuchulukitsa ndi 0.835 akumupatsa malita 11 pa ola. Jenereta yagwira maola 10, iye akuyembekezera kuti patha malita 110, koma ndodo yoyezera m'thanki ikuonetsa kuti patha 172. Malita 62 asowa, ndipo woyamba kuitanidwa mu ofesi ndi mlonda. Sindikunena kuti dizilo sabedwa, amabedwa ndithu, koma munthu asanalozedwe chala ndi bwino masamuwo awonedwe ndi maso awiri.

Mapaundi ndi magaloni

Makina ochokera ku America, komanso mabuku ambiri a ndege, amalankhula m'mapaundi pa ola ndi magaloni pa ola. Paundi imodzi ndi makilogalamu 0.4536. Galoni ndiye ili pawiri: ya ku America ndi malita 3.785, ya ku Britain ndi malita 4.546. Kusiyana kwake ndi 20 peresenti, ndipo buku lakale la thalakitala ya ku Britain ndi buku la injini ya ku America onse amangolemba kuti galoni osafotokoza. Yang'anani kumene bukulo linasindikizidwa.

Njira yabwino ndiyo kuyenda sitepe imodziimodzi, osalumpha. Injini ikudya mapaundi 150 a dizilo pa ola. Choyamba, mapaundi akhale makilogalamu: 68 pa ola. Kenako makilogalamu akhale malita pogawa ndi 0.835: malita 81.5 pa ola. Ngati mukufuna magaloni, ndi 21.5 a ku America kapena 17.9 a ku Britain. Pa sitepe iliyonse lembani muyezo pambali pa nambala, ngakhale zikuoneka zotopetsa.

Anthu a ntchito ali ndi nambala zawo zoloweza. Oyendetsa ndege zing'onozing'ono amati galoni ya avgas ndi mapaundi 6, choncho kandege kodya magaloni 8 pa ola kakudya mapaundi 48, amene ndi makilogalamu 21.8 kapena malita 30. Kwa Jet A amati mapaundi 6.7, kwa dizilo pafupifupi 7. Amakaniko okonza ma injector a petulo, tizipangizo topopera mafuta mu injini, amapeza ena olembedwa m'mapaundi pa ola, ena m'ma cc pa mphindi (ma cc 1,000 ndi lita imodzi), ndipo kuti mapaundi akhale ma cc amachulukitsa ndi 10.5. Nambalayi si yamatsenga ayi. Paundi ndi magalamu 453.6, tikagawa ndi mphindi 60 ndi magalamu 7.56 pa mphindi, ndipo tikagawa ndi 0.72 tikupeza 10.5. Ndiye kuti mkati mwake mwabisala density ya petulo wopepuka. Mukaigwiritsa ntchito pa dizilo mwalakwa kale, chifukwa kumeneko nambala yake ndi pafupifupi 9. Chimodzimodzi amalonda a pa msika wa padziko lonse: mgolo wawo wa barrel ndi malita 159, ndipo amati tani ya dizilo ndi migolo 7.45, ya petulo 8.5. Nambala iliyonse yachidule yotere ili ndi density yongoganiziridwa m'kati mwake.

Kutentha

Mafuta akatentha amafutukuka, akazizira amatsika. Kulemera kwake konse sikusintha, koma malo amene akutenga amasintha. Dizilo amafutukuka ndi pafupifupi 0.085 peresenti pa digiri iliyonse, petulo ndi pafupifupi 0.12 peresenti. Pa chigubu chimodzi sizioneka. Pa thankala zimaoneka.

Tiyerekeze thankala yapakira malita 35,000 a petulo kudoko, mafutawo ali pa madigiri 30. Yayenda masiku angapo, yafika ku Lilongwe m'mwezi wa June, ndipo potsitsa mafuta ali pa madigiri 20. Madigiri 10 kuchulukitsa ndi 0.12 peresenti ndi 1.2 peresenti, ndiye kuti malita pafupifupi 420 sakuoneka. Zidindo za pa mavavu zili bwinobwino, palibe wapopa kanthu panjira, ndipo galimotoyo itakwera pa sikelo ingalemere monga inalemera ponyamuka. Akanakhala dizilo, osowawo akanakhala pafupifupi malita 300. Ulendo wochoka kozizira kupita kotentha, monga kutsikira ku Nsanje m'mwezi wa October, umabala malita owonjezera omwe palibe anawagula.

N'chifukwa chake amalonda a mafuta anagwirizana kuti malita aziwerengedwa ngati kuti mafutawo ali pa madigiri 15. Ku America amagwiritsa ntchito madigiri 60 a Fahrenheit, omwe ndi 15.6 a Celsius. Pali matebulo a ASTM D1250, amene amakuuzani nambala yochulukitsira malita amene mita yawerenga kuti akhale malita a pa madigiri 15. Petulo wa pa madigiri 25 amachulukitsidwa ndi pafupifupi 0.988, dizilo ndi pafupifupi 0.9915. Pa pepala la katundu mumapeza malita a mitundu iwiri, owerengedwa pa kutentha kwa tsikulo ndi okonzedwa kufika pa 15, ndipo mkangano wambiri pakati pa dalaivala ndi wolandira katundu umayamba pamene wina akuwerenga mzere wina, mnzake mzere winawo. Ku Canada mapampu ambiri a m'malo omwetsera mafuta amadzikonzera okha zimenezi, ndipo pa pampu pamalembedwa kuti malita ake ndi a pa madigiri 15.

Lamulo lofunika pano ndi loti malita ndi density zikhale za kutentha kumodzi. Ngati mita ikuwerenga malita a mafuta a pa madigiri 30, chulukitsani ndi density ya pa madigiri 30. Ngati muli ndi density ya pa 15 yokha, yambani mwakonza malitawo. Mukasakaniza, cholakwika chake n'chaching'ono moti simuchiona tsiku limodzi, koma pakutha kwa mwezi mabuku sagwirizana. Pongoyerekeza, dizilo amapepuka ndi makilogalamu 0.0007 pa lita pa digiri iliyonse, kotero wa 0.835 akafika pa madigiri 35 amakhala pa 0.821.

Kayezedwe kake ndi kosavuta kuonerera. Wolandira katundu amatunga mafuta pang'ono n'kuthira m'botolo lalitali lagalasi. Amalowetsamo hydrometer, kachubu kagalasi kotsekedwa komwe kali ndi cholemera kunsi ndi timizere ta manambala kukhosi kwake. Kachubuko kamadendekera kenako n'kukhazikika, ndipo iye amawerama kuti diso lake lilingane ndi pamene mafuta alekeza, n'kuwerenga mzere. M'petulo kamamira kwambiri, m'dizilo kamatulukira pamwamba. Nthawi yomweyo amaviika choyezera kutentha, chifukwa nambala yoyambayo payokha ilibe ntchito. Akatero amatsegula tebulo n'kupeza density ya pa madigiri 15, n'kuiyerekeza ndi imene yalembedwa pa pepala lochokera kudepoti. Zikasiyana kwambiri pamakhala mafunso, pakuti palafini, amene ali pafupi ndi 0.80, akathiridwa m'dizilo amamupepula ndipo akathiridwa m'petulo amamulemeretsa.

Pali mphekesera yoti muzimwetsa galimoto m'mamawa kuti mupeze mafuta ochuluka. Mfundo yake ndi yoona, phindu lake ndi lochepa zedi. Mathanki a malo omwetsera mafuta ali pansi pa nthaka, komwe kutentha sikusintha kwenikweni pakati pa m'mawa ndi masana. Ngakhale kutasiyana ndi madigiri awiri, pa malita 40 mwapindula gawo limodzi mwa magawo khumi a lita.

Paipi yobwerera

Apa ndi pamene kutentha kumapusitsa ngakhale anthu odziwa ntchito. Injini ya dizilo siwotcha mafuta onse amene pampu yake yakoka. Imakoka ochuluka, n'kuwotcha gawo lina, ndipo otsalawo amazungulira m'pampu ndi m'ma injector kuziziritsa zitsulo, kenako n'kubwerera kuthanki kudzera pa paipi yachiwiri. Wofuna kudziwa mafuta amene injini ikudya amaika mamita awiri, wina pa paipi yopita, wina pa yobwerera, n'kuchotsera.

Tinene kuti mita yoyamba ikuti malita 200 pa ola, yachiwiri ikuti 175. Kuchotsera kwachangu kukupereka malita 25 pa ola. Koma gwirani mapaipi awiriwo ndi dzanja. Yopita ndi yofunda chabe, tinene madigiri 25, pomwe yobwerera ikuwotcha, tinene madigiri 55. Dizilo wa pa madigiri 25 ali pa 0.828, ndiye kuti akupita ndi makilogalamu 165.6 pa ola. Wa pa madigiri 55 wafutukuka, ali pa 0.807, ndiye kuti akubwerera ndi makilogalamu 141.2. Injini yawotcha makilogalamu 24.4, amene ndi malita opitirira 29 a m'thanki. Kuchotsera malita kunatibisira malita anayi ndi kanthu pa ola lililonse.

Kusiyana kwa density pakati pa mapaipi awiriwo ndi 2.5 peresenti yokha, koma yankho lalakwika ndi pafupifupi 15 peresenti. Zatero chifukwa tikuchotsera nambala ziwiri zazikulu kuti tipeze yaing'ono, ndipo kacholakwika ka pa nambala yaikulu kamasanduka chachikulu pa yotsalayo. Malita a kutentha kosiyana sachotserana. Asandutseni makilogalamu kaye, chotserani, kenako bwererani ku malita ngati mukuwafuna.

Mamita ambiri, aja okhala ndi kafani kozungulira m'kati kapena tizipinda todzadza ndi kukhuthula, amawerenga malita. Pali mtundu wina wotchedwa Coriolis, dzina la katswiri wa masamu wa ku France Gaspard-Gustave de Coriolis, amene analemba za mphamvu imene mitayi imadalira mu 1835. M'kati mwake muli machubu opindika omwe amanjenjemeretsedwa. Mafuta akamadutsa, machubuwo amapotoka pang'ono molingana ndi kulemera kwa zimene zikudutsazo, ndiye mitayo imapereka makilogalamu pa ola mwachindunji, n'kuperekanso density. Ndi yodula, choncho imapezeka kwambiri komwe kukudutsa mafuta a ndalama zambiri.

Chifukwa chake injini imawerengedwa m'makilogalamu

Mphamvu ya mafuta imatsata kulemera. Kilogalamu ya dizilo, ya petulo ndi ya Jet A-1 zonse zili ndi ma megajoule (muyezo wa mphamvu) pafupifupi 43. Pa lita ndiye zimasiyana: dizilo pafupifupi 36, petulo pafupifupi 32. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene galimoto ya dizilo imayendera mtunda wautali pa lita. Ethanol ndiye wopatuka, chifukwa kilogalamu yake ili ndi ma megajoule pafupifupi 27 okha, kotero ngakhale kulemera sikunena zonse mafuta akakhala a mtundu wina. Mpweya umene injini ya petulo imafuna nawonso umawerengedwa polemera: makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo.

Zili ngati kugula chimanga pa ndowa kapena pa sikelo. Ndowa ndi yachangu ndipo aliyense akuiona, koma amene akufuna kudziwa ufa umene atapeze amakhulupirira sikelo.

Mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 unasankha sikelo. Kuyambira 2014 mpaka 2025 lamulo linali loti mafuta asalowe mu injini mopitirira makilogalamu 100 pa ola, omwe ndi magalamu 27.8 pa sekondi, ndipo galimoto iliyonse inaikidwa mita yovomerezeka ndi FIA, bungwe loyendetsa mpikisanowu. Akanalemba lamulolo m'malita, timu iliyonse ikanathamangira mafuta olemera kwambiri ndi ozizira kwambiri kuti lita ikhale ndi mphamvu zochuluka. Pa mpikisano woyamba wa chakacho, ku Melbourne, Daniel Ricciardo wa Red Bull anamaliza pa nambala 2 koma anachotsedwa pa zotsatira chifukwa galimoto yake inapyola malirewo. Timu yake inkatsutsa mita ya FIA n'kumadalira mawerengedwe akeake, koma apilo yawo inakanidwa.

M'ndege kulemera kuli ndi ntchito iwiri. Kumanena mtunda umene ndege ingauluke, komanso kumanena ngati ndegeyo ingadzuke pansi. Mamita a kutsogolo kwa woyendetsa amaonetsa makilogalamu kapena mapaundi pa ola pa injini iliyonse. Woyendetsa akapempha makilogalamu 6,000, womwetsa amayang'ana density ya tsikulo. Ikakhala 0.790 amathira malita 7,595, ikakhala 0.810 amathira 7,407. Pempho ndi limodzi, malita asiyana ndi 188.

Zimene zinachitika ku Gimli

Pa 23 July 1983, ndege ya Air Canada, Boeing 767 ya ulendo nambala 143, inkachoka ku Montreal kupita ku Edmonton kudzera ku Ottawa. Dziko la Canada linali m'kati mosiya mapaundi ndi magaloni, ndipo ma 767 ndiwo anali ndege zoyamba za kampaniyo kuwerengedwa m'makilogalamu, pomwe zina zonse zinkawerengedwabe m'mapaundi. Tsikulo mamita a mafuta a m'ndegemo sankagwira ntchito, choncho mafuta anayezedwa ndi timitengo toyezera ta kunsi kwa mapiko. Anapeza kuti m'mathanki muli malita 7,682. Ulendowo unkafuna makilogalamu 22,300.

Kuti malita akhale makilogalamu, anachulukitsa ndi 1.77, nambala imene anthu a pabwalopo anazolowera. Anapeza 13,597. Atachotsera pa 22,300 panatsala 8,703, ndipo atagawa ndi 1.77 anapeza kuti pakufunika malita 4,917 owonjezera. Anathira amenewo.

Nambala ya 1.77 sinali yabodza. Inali density yolondola ya mafutawo, koma m'mapaundi pa lita. M'makilogalamu pa lita inali 0.803. Malita 7,682 aja anali makilogalamu 6,169 okha, panafunika ena 16,131, amene ndi malita 20,088. Ndegeyo inanyamuka ndi mapaundi 22,300, amene ndi makilogalamu pafupifupi 10,100, osafika ndi theka lomwe la zofunika. Kompyuta ya ndege inauzidwa kuti muli makilogalamu 22,300, ndipo inayamba kuchotsera mokhulupirika makilogalamu amene injini zinkadya pa ola kuchokera pa nambala yolakwikayo. Ku Ottawa anayezanso, n'kugwiritsanso ntchito 1.77 yemweyo, ndipo zonse zinaoneka zogwirizana.

Ili pa mafiti 41,000 pamwamba pa dera la Red Lake ku Ontario, machenjezo anayamba kulira, ndipo pasanapite nthawi injini zonse ziwiri zinazima. Woyendetsa wamkulu, Robert Pearson, ankadziwa kuulutsa ndege zopanda injini. Womuthandiza, Maurice Quintal, anagwirapo ntchito ya usilikali pa bwalo lakale la ku Gimli ku Manitoba, ndipo ndiye anakumbukira malowo, osadziwa kuti mbali ya bwalolo inasandutsidwa malo a mpikisano wa magalimoto ndipo tsikulo panali anthu. Anatera pomwepo. Mwa anthu 69 amene anali m'ndegemo palibe anamwalira.

Kuyesa kuja kwa madzi kukanagwira cholakwikachi pa sitepe yoyamba. Malita 7,682 sangalemere makilogalamu 13,597 pokhapokha ngati m'mathankimo muli chinthu cholemera kuposa madzi pafupifupi kawiri. Koma kwa anthu amene kwa zaka zambiri ankaona nambala ya kulemera ili yaikulu kuposa ya malita, popeza mapaundi amatero, yankholo linkaoneka labwinobwino. Pa pepala panali manambala opanda miyezo pambali pake.

Gasi, ndi kachidutswa ka amalonda akuluakulu

Gasi wophikira amagulitsidwa m'makilogalamu, ndipo pali chifukwa. M'silinda amakhala wamadzimadzi, propane pafupifupi makilogalamu 0.51 pa lita, butane pafupifupi 0.58, ndipo amafutukuka ndi kutentha koposa petulo, n'chifukwa chake silinda sidzazidwa mpaka pakamwa. Akatuluka n'kukhala mpweya, kilogalamu imodzi ya propane imatenga malo opitirira malita 500. Apa density imadalira kutentha komanso kupanikizika kwa gasiyo, choncho nambala ya ma cubic metre pa ola ilibe tanthauzo mpaka munene kuti ndi pa kutentha kotani ndi kupanikizika kotani. Ena amawerengera pa madigiri 0, ena pa 15, ndipo kusiyana kwa awiriwa ndi kopitirira 5 peresenti.

Kwa ogula sitima yathunthu palinso kanthu kena kakang'ono. Chinthu chikayezedwa pa sikelo, mpweya wotizungulira umachinyamulako pang'ono, monga madzi amanyamulira bwato. Density ya m'matebulo ndi ya malo opanda mpweya, ndipo kuti ifanane ndi zimene sikelo ingaonetse amachotsera makilogalamu 0.0011 pa lita. Pa jenereta ya pa chigayo n'zosafunika kuziganizira. Pa katundu wa matani 30,000 a dizilo, amene ndi ma cubic metre pafupifupi 36,000, kusiyanako ndi matani pafupifupi 40, thankala yodzadza ndi kanthu pamwamba, ndipo mgwirizano wa malondawo umayenera kunena kuti matani ake ndi a mtundu uti mwa iwiriyo.